Fulawa waletsedwa, nsima nayo ikukana kutsika: kadyedwe ka wodwala celiac ndi gastroparesis muno mu Blantyre

Funso limakhala lomwelo, amangosintha ndi wofunsa: "Ndiye inuyo mumadya chiyani?" Amandifunsa a kutchalitchi, a kuntchito, makamaka achibale a anthu amene angouzidwa kumene kuti ali ndi matendawa. Ndatopa kufotokoza pa foni mpaka mayunitsi kutha, ndiye ndalemba pano kamodzi. Ine si dokotala. Ndine munthu amene ndimakhala ndi matenda awiriwa ndipo ndimaphika ndekha. Za mankhwala muzimva kwa adokotala anu, za kukhitchini ndi kumsika ndikuuzani ine.

Celiac ndi matenda amene thupi limadziukira lokha munthu akadya gluten, puloteni wopezeka mu tirigu, balere ndi rye. Chitetezo cha m'thupi chimawononga timinofu ta m'kati mwa matumbo aang'ono timene timayamwa chakudya, moti munthu amadya koma thupi osapindula: magazi kuchepa, kuonda, kutsegula m'mimba, kufooka. Gastroparesis ndi pamene chifu chimachedwa kukankhira chakudya m'matumbo ngakhale palibe chimene chatseka njira. Nthawi zambiri vuto limakhala mitsempha imene imalamulira chifu, ndipo matenda a shuga a zaka zambiri ndi amodzi mwa amene amaiwononga. Umakhuta utangodya mbamu zitatu, nseru, mimba kutupa, nthawi zina kusanza madzulo nkhwani umene unadya masana ukuonekabe kuti ndi nkhwani.

Tsoka lake n'lakuti malangizo a matenda awiriwa amakanganirana mbale imodzi. A celiac amati siyani tirigu, muzidya mgaiwa, nyemba, mtedza ndi masamba ambiri. A gastroparesis amati gaga, makoko, ulusi wa masamba ndi mafuta ndiwo adani anu. Mukaphatikiza zoletsa zonsezo ngati lamulo limodzi mutsala ndi tiyi wopanda mkute, ndipo mudzagonekedwa m'chipatala chifukwa cha njala, osati matendawo.

1. Musasiye buledi musanapimidwe

Apa ndi pamene ambiri amagwera. Munthu akangomva kuti mwina vuto ndi tirigu amasiya buledi tsiku lomwelo, n'kupita kukayezetsa patatha miyezi, zotsatira n'kutuluka zoti alibe kanthu. Kuyeza magazi kotchedwa tTG-IgA kumafufuza asilikali amene thupi limapanga likakumana ndi gluten. Gluten akasiya kulowa, asilikaliwo amachepa ndipo matumbo amayamba kupola, ndiye adokotala adzakuuzani kuti mubwererenso ku buledi kwa masabata angapo kuti akuyezeni bwino. Pemphani ayezenso IgA yense, mtundu wa asilikali a m'thupi umene kuyezaku kumadalira, chifukwa ena amabadwa nayo yochepa ndipo kwa iwo kuyeza koyambako kumanamiza. Ngati kumene mwapita alibe zipangizo, funsani ngati magaziwo angatumizidwe kwina.

Kenako pamabwera endoscopy, kachubu ka kamera kamene amalowetsa kukhosi n'kutapa kanyama kakang'ono m'matumbo. Ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, amapanga, ndipo nthawi zambiri mumayambira kuchipatala chaching'ono cha kwanu, kaya Ndirande, Zingwangwa kapena Limbe, iwo n'kukutumizani. Musanyozere kupima kumeneku. Kusanza, kuonda ndi kuchepa magazi kuno kwathu kuli ndi eni ake ambiri: njoka za m'mimba, zilonda za m'mimba, TB ya m'mimba, HIV, khansa ya kum'mero kapena ya chifu. Palibe amene angakuuzeni kuti muli ndi gastroparesis asanaone kuti njira ndi yotseguka. Tsiku la endoscopy lisanafike auzeni kuti chifu chanu chimachedwa, chifukwa kusala kuyambira usiku kumene kumakwanira anzanu mwina inu sikungakukwanireni, n'kupeza chakudya chidakali momwemo. Ndipo mukadzatumizidwa kukapimidwa liwiro la chifu, kumene amakupatsani chakudya n'kumajambula mpaka maola 4, dziwani kuti chakudya cha pamenepo kawirikawiri ndi mazira ndi buledi. Nenani msanga kuti muli ndi celiac.

2. Malamulo awiriwa si olemera mofanana

Lamulo la gluten silikambirana. Palibe tsiku lopuma, palibe "kamodzi kokha", ndipo ngakhale simunamve kupweteka matumbo awonongekabe. Lamulo la chifu ndi lokambirana tsiku ndi tsiku. Nyemba siziwononga thupi lanu, zimangochedwa kutuluka m'chifu. Ndiye pa tirigu funso ndi lakuti muli kapena mulibe, pamene pa zina zonse funso ndi lakuti zochuluka bwanji, zofewa bwanji, nthawi yanji.

3. Chotsani tirigu, ndi woonekera ndi wobisala

Woonekera mukumudziwa: buledi, masikono, mabanzi, mandasi, samusa, chapati, mabisiketi, keke, supageti, makaroni, ndi mowa wa m'mabotolo umene amafulula ndi balere. Mwayi wathu a Malawi n'ngwakuti chimanga, mpunga, mapira, mawere, chinangwa, mbatata ndi kachewere zilibe gluten. Munthu wa ku Ulaya akauzidwa za celiac amataya chakudya chake chenicheni, ife timangotaya cha pa tiyi.

Wobisala ndiye amavuta. Amapezeka m'masoseji ndi polony, m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'supu ya m'mapaketi, m'tizokometsera ta m'kati mwa paketi ya soya pieces, mu soy sauce, mu Milo ndi Horlicks, ngakhale m'ma cornflakes ena amene amathiramo chimera cha balere. Kaya muli m'shopu ya ku Chichiri kapena pa okala ya pafupi ndi kwanu, tembenuzani paketi mufufuze mawu awa: wheat, barley, rye, malt, gluten. Oats nawo asiyeni pokhapokha atalemba kuti alibe gluten, chifukwa amasakanikirana ndi tirigu kumunda ndi kufakitale. Muyezo umene mayiko ambiri amatsatira ndi wakuti chakudya chotchedwa chopanda gluten chisapitirire mamiligalamu 20 pa kilogalamu. Nyenyeswa za buledi zotsalira m'chitini cha majarini n'zokwanira kukudwalitsani.

Chigumu ndi zitumbuwa timazidziwa kuti ndi za ufa wa chimanga, koma ogulitsa ambiri amathirako fulawa kuti zifewe. Pa chiwaya, mafuta amene akazingira tchipisi mwina ndi omwewo akazingira samusa. Thobwa la chimera cha mawere kapena mapira lilibe vuto la gluten, koma maheu a m'mabotolo werengani kaye. Mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande yang'anani thumba limene muli mpunga kapena ufa mukugulawo: ngati ndi thumba lakale la fulawa, pitani kwa wina. Kuchigayo funsani ngati amagayanso tirigu, makamaka ngati ufa wanu umachokera kumudzi cha ku Neno kapena ku Tsangano kumene amalima tirigu, ndipo ufa woyamba kutuluka uzipita kwa ena a m'banjamo.

Pakhomo khalani ndi mthiko wanu, sefa wanu ndi chitini chanu cha majarini. Mangani kansalu pa mthikowo kuti ana asasokoneze. Tsiku lokanda mandasi, poto wanu akhale wovundikira kutali.

4. Kudya mokwanira ndi chifu chochedwa

Gawo ili ndi limene mapepala a malangizo amadutsa ndi mawu akuti "idyani pang'onopang'ono kangapo pa tsiku", ngati kuti n'zapafupi m'nyumba imene moto umakolezedwa kawiri ndipo makala ndi odula. Chifu chanu chili ngati chigayo chimene magetsi ake afooka: mukathira zambiri nthawi imodzi chimaima. Ntchito imene chikulephera muigwire inuyo chakudya chisanalowe, ndi moto, mtondo, sefa ndi mano.

Tiyambe ndi nsima, poti ndiye imawawa mtima. Mgaiwa ndi chimanga chogayidwa chonse ndi gaga wake, gramil wachotsedwa gaga pang'ono, pamene ufa woyera wakonoledwa, kuviikidwa ndi kuanikidwa. Kwa munthu wabwinobwino mgaiwa ndiwo wopatsa thanzi. Kwa inu ndi ufa woyera, ndipo nsima yake ikhale yofewa, mtanda umodzi waung'ono, masana osati usiku. Anthu ambiri a gastroparesis amapeza kuti m'mawa chifu chimalolera, kukamada chimakanika, choncho zolimba zidyedwe dzuwa lili m'mwamba, zamadzi zitsalire madzulo. Kondowole, ngakhale alibe gluten, ine ndimamuona wolemera kwambiri.

Phala ndiye mnzanu weniweni, chifukwa zamadzi zimatuluka m'chifu mosavuta kusiyana ndi zolimba. Koma pali msampha. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba ndi madzi, mphamvu mulibe, ndipo munthu amaonda akumwa makapu asanu pa tsiku. Njira yake agogo athu ofulula thobwa ankaidziwa. Phikani phala lolimba ndithu, loti supuni n'kuima. Liphuleni lizizireko mpaka lifike poti chala chingapirire. Thirani supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri za chimera cha mawere kapena cha chimanga, chosefa bwino, n'kutakasa. Pakangopita mphindi zochepa mudzaona phala lija likusungunuka lokha mpaka kumweka, madzi osawonjezera ngakhale dontho. Chimera chaswa ufawo, koma mphamvu yonse ili momwemo. Libwezereni pamoto liwire kachiwiri, kenako menyeranimo dzira likadali pamoto, kapena mkaka waufa, kapena supuni yaing'ono ya chiponde chosalala. Kapu imodzi ya phala lotere imaposa makapu awiri a phala lamadzi. Thirani lotsala mu fulasiki, ndiye kuti chakudya cha 9 koloko ndi cha 3 koloko chapezeka popanda kukolezanso mbaula.

Za mafuta musawaope onse. Mafuta amachedwetsa chifu, n'zoona, ndipo tchipisi, kanyenya, nkhumba, futali ndi ndiwo zotendera kwambiri zidzakugonekani. Koma mafuta ochepa osungunukira m'chakumwa, monga a mu mkaka kapena supuni ya mafuta ophikira m'phala, ambiri amawalolera, ndipo popanda iwo thupi silibwerera. Mkaka ukamakutsegulani m'mimba miyezi yoyambirira musadabwe: matumbo owonongeka ndi celiac amalephera kugaya shuga wa mu mkaka, ndipo kwa ambiri zimatha akapola. Pakadali pano yesani chambiko kapena yogati.

Ndiwo zikhale zowiritsa, zofewa, za msuzi. Mazira, chambo kapena mlamba wowiritsa, nkhuku yochotsa khungu yophika mpaka kulekana ndi fupa. Nyama ya ng'ombe ikhale yogaya, yopanda mafuta. Usipa ndi matemba musawataye, chifukwa minga yake ndi imene ili ndi kashiamu amene mafupa anu akusowa: awambeni pang'ono, asinjeni mumtondo, asefeni, ufa wake muzithira mumsuzi. Nyemba zikhale chipere, ndiko kuti zoviika, zochotsa makoko, zophika mpaka kuphwanyika, ndipo muyambe ndi masupuni awiri osati mbale.

Masamba ndiwo amafuna khama. Kabichi, repu, mpiru ndi chainizi zili ndi mitsitsi imene imakhalitsa m'chifu. Sankhani nsonga zanthete za nkhwani kapena bonongwe, sadzulani bwino, phikani mpaka zifewe, kenako pondani ndi kukanikiza pa sefa, kapena gayani mu blenda ngati magetsi alipo. Maungu, karoti, kachewere ndi mbatata yosenda, zonse zowiritsa ndi kupota, zimatsika bwino. Tomato muzimusenda ndi kuchotsa njere. Pa zipatso, nthochi yakupsa ndi papaya ndiye zanu. Mango a ulusi, zamkati mwa malalanje, njere za magwafa, kokonati, chimanga chootcha, mbuliwuli ndi mtedza wokazinga zimatha kuunjikana m'chifu n'kupanga chibulumwa chimene madokotala amachitcha bezoar, ndipo chimenecho chimatha kutsekeratu njira. Nyengo ya mango, finyani madzi ake musefe.

Tsiku labwino kwa ine limayenda chonchi: phala la chimera ndi dzira m'mamawa, nthochi ndi chambiko cha m'ma 9, kansima kofewa ndi nsomba ndi maungu masana, phala la mu fulasiki cha m'ma 3, phala la mpunga kapena supu ya kachewere dzuwa likamalowa. Madzi muzimwa pang'onopang'ono pakati pa zakudya, osati kugugudiza kapu yonse pa nthawi ya nsima. Mukadya musagone, khalani tsonga kapena yendani pang'ono, ndipo papite maola awiri kapena atatu musanakagone. Muzikwera sikelo yomweyo kamodzi pa sabata, ngakhale ya anyamata a m'mbali mwa msewu aja, n'kulemba. Sikeloyo ikamatsika sabata ndi sabata, zoletsa zanu zachuluka, ndipo mukufunika kuonana ndi a zakadyedwe kuchipatala.

Amene mulinso ndi shuga, ndipo ndinu ambiri chifukwa celiac imayenda kwambiri ndi shuga wa mtundu woyamba, muli ndi mkangano wachitatu. Kukiliniki anakuuzani kuti muzidya mgaiwa, ine ndikuti ufa woyera ndi chimera, zimene zimakweza shuga msanga. Komanso insulin imatha kuyamba ntchito chakudya chidakali m'chifu, shuga n'kutsika kwambiri, kenako n'kudzakwera patapita maola. Shuga wokwerayo amachedwetsanso chifu. Musasinthe nokha jakisoni kapena ufa. Tengani kope lanu la zakudya ndi manambala a shuga mukakhale pansi ndi a kukiliniki.

5. Tsiku loipa, dziwani amene wakulakwirani

Sungani kope: mwadya chiyani, nthawi yanji, kuti, ndipo chinachitika n'chiyani. Chifu chikachedwa, kulemera kumakhala pamwamba pa mchombo, kukhuta kosatha, kugeya, kusanza chakudya cha maola apitawo. Gluten akalowa, ambiri amatsegula m'mimba, mimba kupotokola, kutopa kwa masiku angapo, ena timatuza toyabwa m'zigongono ndi m'mawondo. Si nthawi zonse zimasiyanitsika bwino, koma kope limathandiza kuti musaimbe mlandu papaya pamene wolakwa ndi kyubu imene inalowa mumsuzi. Anthu ambiri amachotsa chakudya chosalakwa chimodzichimodzi mpaka kutsala ndi zitatu.

Tsiku loipa bwererani ku zamadzi: Thanzi ORS, msuzi wosefa, phala losungunula. Ngati Thanzi mulibe, lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mawa lake zopota, kenako zofewa. Koma mukasanza magazi, chimbudzi chikada ngati phula, mukalephera kusunga ngakhale madzi tsiku lonse, mkodzo ukachepa, kapena mukusanza mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

6. Mankhwala

Ena amene timagula tikamva m'mimba ndi amene amaimitsa chifu: Buscopan, tramadol, codeine. Amitriptyline ndi morphine nawonso amachedwetsa, choncho aliyense wokulemberani mankhwala adziwe za chifu chanu. Metoclopramide amathandiza kukankha chakudya, koma si womwa miyezi ndi miyezi mwa inu nokha, chifukwa amatha kuyambitsa kugwedezeka kwa milomo, lilime ndi nkhope kumene nthawi zina sikutha. Domperidone amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Mapiritsi owonjezera magazi akamakupatsani nseru, funsani za amadzi. Zitsamba za m'mabotolo "zotsuka m'mimba" zimene amalengeza m'madepoti zisiyeni, simukudziwa chimene chili m'katimo ndipo m'mimba mwanu mulibe chofuna kutsuka.

7. Kwa apongozi, kumaliro ndi kutchalitchi

Kukana chakudya kwathu kuno ndi mwano, ndiye konzekeranitu mawu. Apongozi akabwera ndi mbale ya mandasi n'kunena kuti, "Kungolawa kokha, mwana wanga, ndaphikira inu," musayambe kufotokoza za matumbo. Ine ndimati, "Zikomo kwambiri amayi, koma adokotala anandiletsa chilichonse cha fulawa, ngakhale kanyenyeswa. Mundipatseko kampunga pang'ono ndi dzira lowiritsa." Mwawapatsa choti akuchitireni, ndipo ulemu wawo wasungika. Bwino koposa, amuna anu kapena akazi anu akhale atanena kale musanafike.

Kumaliro chakudya ndi mgaiwa, nyemba ndi kabichi, m'mawa tiyi ndi masikono. Nyamulani fulasiki ndi nthochi m'chikwama. Manong'onong'o a anthu akaona mwaonda adzakhalapo, ena adzati mwalodzedwa, ena adzatchula matenda ena. Uzani anthu awiri kapena atatu olankhula kwambiri zoona zake, nkhaniyo adzaifalitsa okha.

Mgonero nawo ndi wa tirigu. A CCAP ndi mipingo ina kambiranani ndi abusa ngati mungabweretse kachidutswa kanu kopanda gluten, kosungidwa padera. Kwa Akatolika, kalata ya ku Vatican ya 2017 inabwereza kuti okaristiya ayenera kukhala wa tirigu, koma wokhala ndi gluten wochepa kwambiri ndi wololedwa, ndipo mungathenso kulandira za m'chikho zokha. Auzeni bambo mfumu Misa isanayambe, chifukwa m'chikho chawo amagwetseramo kachidutswa, ndiye inu mufunika china. Asilamu, kusala tsiku lonse n'kudya kwambiri madzulo ndi kumene chifu chotere sichifuna, kambiranani ndi a shehe komanso adokotala Ramadani isanafike.

8. Bwererani kukayezetsa, ndipo tengani achibale

Pakatha miyezi 6 mpaka 12 yezetsaninso tTG-IgA. Ikapanda kutsika, gluten akulowabe penapake, bwererani pa gawo lachitatu. Pemphani aonenso magazi, ayironi, folate, vitamini B12 ndi vitamini D, poti ufa woyera wogayitsa nokha ulibe michere imene amathira mu ufa wa kufakitale. Matumbo a munthu wamkulu amatha kutenga zaka ziwiri kapena kuposerapo kuti apole. Kwa ena, celiac yosachizidwa ndi imene inkachedwetsa chifu, moti akasiya gluten kwa nthawi chifucho chimayambanso kuyenda bwino. N'chifukwa chake miyezi ingapo iliyonse muziyesanso chakudya chimodzi chimene munachisiya chifukwa cha chifu, pang'ono, masana, tsiku limene muli pakhomo.

Celiac imayenda m'magazi. Mwa makolo, ana ndi abale a bere limodzi a wodwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse amakhala nayo, ena popanda chizindikiro chilichonse kupatula magazi ochepa kapena mwana wosakula bwino. Apite akayezetse akudyabe buledi wawo.